Amazipi ndi Kabokosi ka Ndege

Mumsewu wathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Tonse timangoti Amazipi, chifukwa kwa zaka zoposa makumi atatu ntchito yawo yakhala yomweyo: kukonza mazipi a zikwama, a mathalauza, a majekete ndi a masutikesi. Madiresi aukwati amawakana. Amati diresi laukwati munthu amavala tsiku limodzi, koma zipi ikafa m'mawa wa Lolemba, mwini wake amakufunafuna ngati wachibale. Ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, makina awo akuda ali patsogolo, pulaya ndi kandulo zili m'chitini cha mabisiketi. Kanduloyo ndi yopaka m'mano a zipi yolimba. Shopu yanga ya fotokope ili tsidya lina la msewu, ndiye kwa zaka zambiri tinkapatsana moni ndi manja, magalimoto akudutsa pakati pathu.

Tsiku lina pakhondepo panangoti zii. Achimwene awo, mbale yekhayo amene anawatsalira, anagwa m'bafa ndi sitiroko. Akazi a bambowo anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo amagwira ntchito kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi. Amazipi anakhoma kanyumba kawo, anakweza makina pa kagalimoto ka hayala, nasamukira kwa achimwenewo, m'nyumba ya njerwa yosapaka pulasitala kumapeto kwa msewu. Anandiuza kuti akupita kwa mwezi umodzi. Mweziwo unabereka ina khumi ndi itatu.

Bambowo anagwira ntchito moyo wawo wonse ku bwalo la ndege, m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa mosungira katundu. Ankakonza mawayilesi a m'manja a anthu onyamula katundu ndi otsogolera ndege ikatera. Ndege yeniyeniyo sanakwerepo. Atapuma pa ntchito anadzipangira chocheza nacho. Anaimika paipi yachitsulo padenga, pamwamba pake n'kumangirira eriyo yoonda ngati ndodo ya mphunzitsi. Waya wake unatsika ndi khoma, n'kulowa pazenera la chipinda chakumbuyo mpaka m'kabokosi kakang'ono ngati sopo wochapira wodula pakati. Ndege iliyonse ikamauluka imalengeza yokha nambala yake, mmene yakwerera ndi kumene yalunjika. Eriyo ija imatola uthengawo, kabokosi n'kuusandutsa tindege tachikasu toyenda pa mapu, ndipo mapuwo munthu amawaona pa tabuleti kudzera pa wayifayi ya m'nyumba. Zonsezi Amazipi sankazidziwa. Kwa iwo kanali "ka achimwene kaja", kofunika kukalambalala posesa.

Sitiroko inawatengera bambowo dzanja ndi mwendo wakumanja, inatenganso mawu. Anatsala ndi ochepa: "eya", "ayi", "chija" ndi "bwinobwino", ndipo ngakhale amenewo ankatuluka mosinthana, "eya" pomwe akufuna kukana. Nzeru zinalipo zonse, zinkaoneka m'maso. Tsiku la Amazipi linkayamba ndi kuwadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwaveka. Masiku oyamba zosambitsazo zinawavuta onse awiri, wina ankayang'ana kukhoma, wina padenga, mpaka manyazi anatha okha chifukwa chotopa. Kenako kuwagwira m'khwapa kuchoka pabedi kufika pampando wa pabalaza, bambo wamtali, wa mafupa olemera. Kenako phala ndi mankhwala, kenako kuchapa zofunda. Akamaliza zonsezo ankaimika tabuleti pa situlu, kuitsamiritsa ku botolo la maluwa apulasitiki, ndipo bambowo ankakhala phee maola atatu, kutsata tindege ndi chala chakumanzere. Maola atatu amenewo ndiwo anali a mazipi. Makina anali pakhonde la nyumbayo, ndipo makasitomala akale ankawalondola komweko.

Zinthu zinasokonekera pamene kampani ya intaneti inatumiza munthu kudzasintha rauta, kachipangizo kawo kogawa wayifayi m'nyumba. Ati zakalezo akuzichotsa konsekonse. Munthuyo anabwera Lachiwiri masana, malaya ake atanyowa thukuta. Anamasula yakale pakhoma la m'kolido, naika yatsopano pabalaza pafupi ndi wayilesi yakanema, chifukwa inalibe zibowo zokolowekera pakhoma. Analumikiza foni ya Amazipi ndi tabuleti, n'kunena kuti, "Mayi, zatheka. Onani mmene ikuthamangira." Achimwene ankati "chija, chija", akuloza chipinda chakumbuyo, koma iye anangowagwira paphewa.

"Mupeze bwino, bambo," anatero, n'kunyamula chikwama chake. Anali ndi nyumba zina zisanu ndi imodzi tsiku limenelo.

M'mawa mwake Amazipi anaimika tabuleti monga mwa masiku onse. Panalibe mapu, panalibe ndege. Tsamba linali loyera mbee, pakati pake pali timawu tonena kuti malowo sakupezeka. Bambowo anadina ndi chala, anadinanso, kenako anatenga supuni n'kuyamba kumenya situlu.

Amazipi anachita zimene aliyense amachita. Anazimitsa tabuleti n'kuiyatsanso. Anazula rauta pasoketi, anaibwezera. Anapita kuchipinda chakumbuyo, anapeza kanyale kofiira ka kabokosi kakuwala bwinobwino, anakapukuta fumbi ndi nsalu ngati kuti vuto ndi litsiro. Anatuluka panja, anayang'ana padenga dzanja lili pamphumi. Eriyo inali chilili pamalo pake, khwangwala atatera pa paipi. Atabwerera pabalaza anapeza tsamba likadali loyera.

Anaimbira kampani ija. Foni inawaimbira kanyimbo mphindi makumi awiri ndi zisanu, ili paphewa, manja akufinya zofunda. Kenako kunayankha mtsikana wa mawu aulemu.

"Mayi, foni yanu ikulowa pa intaneti?"

"Ikulowa."

"Ndiye kuti kwa ife zonse zili bwino."

"Koma ndege sizikuoneka."

Mtsikanayo anadabwa. "Ndege zanji, mayi?"

Amazipi anafotokoza mmene akanathera, za paipi, za waya, za kabokosi konga sopo.

"Pepani, chipangizo chimenecho si chathu. Funsani amene anakupangirani."

"Amene anachipanga ali pompano," anatero Amazipi. "Salankhula."

Anaimbiranso mwana wa achimwene awo. Sanayankhe, anali pa ntchito, koma madzulo anatumiza uthenga wa mawu, akulankhula mothamanga, makina akulira kumbuyo kwake. "Azakhali, n'zophweka zimenezo. Kabokosiko kakufunafuna dzina la wayifayi yakale, ndiye sikakuipeza. Muchotse kamemori kake, muike mu laputopu, mutsegule fayilo ya netiweki, musinthe mizere iwiri. Ndikanakhala pafupi, mphindi zisanu zokha." Amazipi anaumvera uthengawo kanayi. Laputopu analibe, fayilo sankaidziwa. Mawu amene anawamva bwino anali akuti "ndikanakhala pafupi".

Sabata imeneyo zinthu zinafikadi pa mwana wakana phala. Bambowo anasiya kudya. Ankatseka pakamwa, kutembenuza nkhope, supuni n'kumangomenya situlu kuyambira m'mawa. Amazipi anayesa kuwayatsira mpira pa kanema, anawaika pakhonde kuti aziona anthu odutsa, koma sizinathandize. Munthu amene anakhala zaka makumi anayi akukonzera anzake zinthu anali pampando, akudziwa chimene chavuta, osatha kuchinena. Makina osokera anaima. Zikwama zinaunjikana pakona, ndipo makasitomala awiri anadzatenga zawo zisanakonzedwe.

Lachiwiri lotsatira Amazipi anatulukira pashopu yanga, atavala masilipasi a m'nyumba, kope lachikuto cholimba lili m'khwapa. Anali atapempha mayi woyandikana nawo kuti aziyang'ana wodwalayo kwa theka la ola. Anakhala pabenchi ya makasitomala popanda moni, n'kuvula silipasi imodzi.

"Achemwali, inu mumadziwa za makompyuta," anatero.

"Ine, amayi? Ndimangodziwa kutulutsa pepala likakodwa m'makina."

"N'zambiri zimenezo. Ine ndimadziwa kandulo."

Kopelo analipeza m'dirowa, pansi pa mawaya. Linali lolembedwa ndi dzanja laukhondo, zilembo zoima chilili ngati asilikali. Masamba oyamba anali a zojambula ndi manambala. Otsatira anali a tsiku ndi tsiku, mzere umodzi pa tsiku. Tinawerenga pang'ono tili pabenchipo.

"Ndege 63. Mphepo. Ndasintha waya wa eriyo."

"Ndege 58. Mayi a mwana agonekedwa m'chipatala."

"Ndege 0. Maliro. Ndinazimitsa."

Patsogolo pang'ono panali mzere wina: "Ndege 71. Mwana uja anabwera, wandikonzera jekete. Wakalamba." Bambowo, asanadwale, ankawaitana mlongo wawo kuti "mwana iwe", ngakhale imvi zitawamera.

"Wakalamba ndani?" anatero Amazipi. Anaseka pang'ono m'mphuno, n'kutseka kopelo.

Pa tsamba lachiwiri panali dzina la wayifayi yakale ndi mawu ake achinsinsi. Ndinaganiza kuti ngati kabokosi kakufunafuna dzina lakale, chapafupi n'kuipatsa rauta yatsopano dzina lomwelo, m'malo motsegula kabokosi kamene sindikukadziwa. Zimenezo ndinazichitapo kamodzi pashopu, pulinta itakana kulumikizika. Nditatseka shopu madzulo, dzuwa likadalipo, ndinapita ndi laputopu yanga.

Pabalaza pankanunkhira sopo ndi mafuta opaka. Bambowo anali ataonda kuposa mmene ndinkawadziwira, kolala ya malaya ili lende. Ndinagwada pang'ono n'kuwapatsa moni, iwo anayankha "ayi" akugwedeza mutu movomera. Ndinatembenuza rauta. Pansi pake pali kapepala komata kolembedwa manambala ndi mawu olowera. Ndinalowa, ndinafufuta dzina latsopano, ndinalemba lakale, chilembo ndi chilembo, Amazipi akundiwerengera m'kope. Titadikira pang'ono, pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa panaoneka chinthu china chopanda dzina.

"Ndi komweko," ndinatero. "Kalowa."

Tinatembenukira ku tabuleti tonse atatu. Tsamba linali loyera. Tinaizimitsa, tinaiyatsa, tinazula kabokosi, tinakabwezera. Loyera.

"Chija," anatero bambowo, akuloza kope, kenako rauta. "Chija. Ayi. Chija."

"Dzinalo talemba kale, achimwene."

Anatseka maso, mitsempha ya m'khosi itaima. Ankafunafuna liwu, ndipo limene linatuluka linali "supuni". Iwo eni anadabwa nalo. Anayesanso, linatuluka lomwelo.

Ndinabweranso Lachitatu ndi Lachinayi. Ndinawerenga zimene anthu amalemba pa intaneti za timabokosi totere mpaka mutu unaima. Wina ati vuto ndi tchaja chofooka, ndiye tinabwereka tchaja china. Wina ati kamemori kamawonongeka magetsi akamazimazima, ndiye ndinakachotsa ndi zikhadabo, ndinakapukuta, ndinakabwezera, mtima uli m'mwamba kuopa kuthyola. Mwana wa achimwene anatumiza mauthenga ena atatu, uliwonse wotsutsana ndi unzake. Amazipi ankaima pakhomo la kolido, dzanja limodzi litagwira msana, akutiyang'ana ine ndi laputopu ngati mmene munthu amayang'anira basi imene yadzaza kale.

Lachisanu ndiye linali tsiku loipa. Amazipi anali atakoka makina kulowa nawo pabalaza kuti azisoka ali pafupi ndi wodwalayo. Pa mkono wa sofa panali jekete yoyera ya kasitomala wina, yofunika m'mawa mwake, zipi itangolowa kumene. Ine ndinali pansi ndi laputopu. Bambowo ankati "chija, chija" osalekeza, ndipo poona kuti palibe akuwamva, anakankha situlu ndi mwendo wabwinowo. Kapu ya tiyi inauluka n'kukhuthukira pa jekete ija.

Amazipi sanakuwe. Anaimitsa makina, anachotsa magalasi, anawaika pamiyendo.

"Achimwene, ndatopa," anatero. "Ndikusambitseni, ndikudyetseni, ndikunyamuleni ngati thumba la simenti, ndipo pano ndikhalenso injiniya? Ndegezo sizikudziwani. Zaka zonsezi mwaziwerenga, ilipo imene inatera kudzakutembenuzani pabedi? Ndine ndekha. Ndiye mundimvere chisoni."

Bambowo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Diso lakumanzere linkatuluka misozi, lakumanja lili gwa. Amazipi anatola jekete n'kupita nayo kumpopi. Ine ndinatseka laputopu mwakachetechete n'kutuluka osatsanzika.

Zotsatirazi anandiuza iwo eni. Loweruka lonse bambowo sanamenye situlu. Anadya phala lonse, anamwa mankhwala, anakweza dzanja okha powaveka malaya, koma osawayang'ana m'maso. Amazipi ati chete ameneyo anawawawa kuposa supuni. Jekete inayera itachapidwa katatu, ndipo mwini wake sanadziwe kanthu.

Lamulungu m'mawa, atawakhazika pampando, bambowo analoza kope. Amazipi anawapatsa. Analozanso pensulo. Chiyambire kudwala anali asanagwirepo cholembera, ndipo dzanja lakumanzere silinazolowere. Pensulo inagwa, Amazipi anatola. Inagwanso. Kachitatu Amazipi anang'amba kansalu n'kuikulunga kuti inenepe, igwirike. Bambowo anatsegula masamba ndi chigongono mpaka pa tsamba lachinayi, pamene panali manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, pansi pake palembedwa kuti "adiresi ya kabokosi, yosasintha". Anazunguliza nambala yachitatu. Mzerewo unali wokhotakhota ngati njira ya nyerere, koma unatseka. Nambalayo inali 1.

Kenako analoza rauta. Amazipi anaizula, anabwera nayo, anaitembenuza. Pa kapepala komata paja panalinso manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Bambowo anaika nsonga ya pensulo pa yachitatu. Inali 8. Anabwerera pa kope, 1. Pa rauta, 8. Anachita zimenezo kasanu, thukuta likutsika m'masaya. Ntchito yonseyo inatenga pafupifupi ola.

Amazipi anayang'ana uku, anayang'ana uko. Oyamba awiri anali ofanana, achitatu osiyana.

"Mano ake ndi osiyana," anatero pang'onopang'ono. "Mbali iyi ndi ya saizi ina, iyi ya saizi ina. Sizingalumane. Ndi choncho, achimwene?"

"Ayi," anatero bambowo, akugwedeza mutu mwamphamvu kuvomera. Pensulo inagwa, ndipo sanaifunenso.

Lolemba m'mawa Amazipi anandipeza ndikutsegula shopu. Sanakhale pansi. Anatambasula kope pa makina a fotokope, chala chili pa mzere wokhotakhota uja.

"Eyitiyo ikhale wani," anatero. "Kaya mumasintha bwanji, koma ndi zimenezo."

Nditayang'ana ndinachita manyazi. Kabokosi kanapatsidwa adiresi yokhazikika, ya m'ndondomeko ya rauta yakale. Rauta yatsopano inkawerenga manambala ake mwa njira ina. Kabokosi kanalowadi m'nyumba, koma aliyense ankakafunafuna mumsewu wolakwika. Masiku anayi ndinali nditayang'ana m'kopemo osaona kanthu.

Masana ndinakhoma shopu n'kupita. Malo osinthira nambalayo ndinawapeza nditatsegula masamba ambirimbiri. Ndinafufuta 8, ndinalemba 1, ndinadina. Zonse zinazima. Laputopu inataya netiweki, foni ya Amazipi inatayanso, nyale za rauta zinathima kupatula imodzi. Ndinaganiza kuti tsopano ndawonongeratu ndi zimene zinali bwino. Tonse tinangoyang'ana nyale yotsalayo. Panja munthu wina ankaitana, "Odi, za mazipi," ndipo palibe anamuyankha. Kenako nyale zinayamba kubwerera imodziimodzi.

Pa tabuleti panayamba kuoneka mapu, otuwa, akudzaza pang'onopang'ono kuchokera pakona. Kenako kandege kamodzi kachikasu, kumtunda kwenikweni, kakukwawa. Kenako tiwiri. Posakhalitsa tinali tisanu ndi tinayi.

Bambowo anaika chala pa koyamba kaja n'kukatsata.

"Bwinobwino," anatero.

Palibe anaomba m'manja. Amazipi anaima pang'ono kuyang'ana, anapuma mozama, n'kutuluka kukalandira kasitomala uja.

Sikuti mavuto anathera pomwepo. Masiku otsatira ndege zinkabwera n'kusowa, kubwera n'kusowa, makamaka chitseko cha kukhitchini chikatsekedwa. Ulendo uno Amazipi sanandiitane. Anakumbukira okha kuti rauta yakale inkakhala m'kolido, pamwamba, pafupi ndi chipinda chakumbuyo, pomwe yatsopano inali pabalaza, kuseri kwa makoma awiri ndi firiji. Popeza inalibe pokolowekera, anaisokera kathumba ka nsalu ya jinzi yotsala, kutsogolo kwake n'kuika neti yaudzudzu kuti izipuma, nakapachika pa sikuluu imene inkagwira rauta yakale pakhoma. Kusowasowa kunachepa. Chinatsala ndi tchaja cha kabokosi, chimene chimakhwefuka pasoketi munthu akamenyetsa chitseko. Chimenecho anangochizolowera.

Sabata yomweyo anaimbira mwana wa achimwene awo. Ndinalipo, ndinali nditabweretsa chikwama changa cha laputopu, chimenenso zipi yake inali itayamba kutsegukira kumbuyo. Anaimba nthawi ya nkhomaliro kuti asanene kuti ali pa ntchito.

"Ndege za bambo ako zabwerera."

"Mwachita bwino, azakhali. Ndimadziwa kuti inu simulephera."

"Usandiyamikire. Pempha tchuthi."

"Panopa ndi povutirapo, azakhali. Mwina kumapeto kwa chaka…"

"Mwezi uno. Masabata atatu. Awa ndi bambo ako, ine ndine mlongo wawo chabe, ndipo msana wanga watha. Nthawi zonse ukaimba ndimakuuza kuti tili bwino. Ndimanama."

Bambowo anali pampando wawo, chala chili pa mapu, koma chinali chitaima.

"Ndamva, azakhali," anatero mwanayo.

Anabwera patatha masabata awiri ndi theka, bambo wa ndevu zake, chikwama chachikulu chili kumsana. Ataona mmene bambo ake anaondera, anatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba kwa kanthawi. Amazipi anamusiya, kenako anamuitana n'kuyamba kumuphunzitsa. Pogwira ndi apa, osati padzanja lakufalo. Bondo lako litseke bondo lawo. Ukawerenga mpaka katatu, iwo amathandiza ndi mwendo wabwinowo. "Eya" usamukhulupirire, uziyang'ana mutu. Tsiku loyamba mwanayo anatuluka m'bafa malaya atanyowa, akupuma ngati wathamanga.

"Mumachita zimenezi tsiku lililonse, nokha?"

"Kawiri, kukatentha."

Asanabwerere ku ntchito anapeza bambo wina amene anagwirapo ntchito yosamalira odwala m'chipatala, kuti azibwera m'mawa uliwonse kudzasambitsa ndi kunyamula. Mpaka lero amabwera, ndipo Amazipi amayamba kusoka eyiti koloko m'malo mwa leveni. Koma zimenezo zinachitika pambuyo pake.

Tsiku limene ankapita kukapuma, mwanayo akutsala ndi bambo ake, Amazipi anaima patsogolo pa mpando wa achimwene awo, kachikwama kali m'manja.

"Achimwene, ndikupita kwanga masiku ochepa. Ndibweranso." Anazengereza. "Zija ndinanena tsiku la tiyi zija…"

"Eya," anatero bambowo. Kenako, "Ayi." Mutu sanagwedeze mbali iliyonse. Anangowagwira pamkono ndi dzanja lakumanzere, mwamphamvu, n'kuwasiya.

Amazipi ndinakawaona tsiku lachitatu masana, nditatenga buledi. Kanyumba kawo kankanunkha chinyezi, makatani ali otseka, fumbi lili patebulo losapukuta. Anatsegula chitseko maso ali otupa, mizere ya pilo ili patsaya. Ati chifikire anangodzuka kumwa madzi ndi kupita kuseri. Ndinawapangira tiyi, iwo anabwerera pabedi n'kukhala chotsamira khoma.

Foni inalira. Anaiyang'ana kaye ikulira, kenako anayankha.

"Azakhali, pepani kukusokonezani. Ndege zasowanso. Ndayang'ana rauta, ndayang'ana adiresi, zonse zili bwino. Ndikuganiza zochotsa kamemori…"

"Usakhudze kamemori. Wamenyetsa chitseko chakumbuyo?"

"Mwina. Kunali mphepo."

"Pita ukakankhe tchaja pasoketi. Ukatero uwerenge mpaka sikisite, osathamanga. Bambo ako adya?"

"Adya, azakhali."

"Chabwino."

Sanadikire kumva ngati zatheka. Anaika foni pansi pa pilo, anamwa tiyi theka, n'kundipempha kuti potuluka ndikoke chitseko mwamphamvu chifukwa loko wake ndi wovuta. Ndisanamalize kutsuka makapu anali atagonanso.